Ana osinkhukirapo pa sitima ya Ilala: kodi makolo aziwapatsa ufulu wotani?

HARARE – Ku Highfield, dera lakale la anthu akuda lomwe linakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1930, kuli mabanja ambiri omwe makolo awo anachokera ku Nyasaland kudzagwira ntchito ku Salisbury, makamaka pa nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland pakati pa 1953 ndi 1963. Ena mwa mabanjawa amatenga ana pa tchuthi kukawaonetsa kwawo. Amadzera ku Nyamapanda, Tete ndi Mwanza, ndipo omwe kwawo ndi ku Likoma kapena ku Nkhata Bay amatha kumalizira ulendo pa sitima ya MV Ilala.

Pa ulendo wa panyanjawu funso limabuka pa ana a zaka zapakati pa 9 ndi 12. Mwana wa msinkhu umenewu kwawo amatumidwa yekha ku Machipisa, amapita yekha kusukulu, ndipo safuna kugwiridwa dzanja ngati khanda. Koma nzeru zoolokera msewu wa mumzinda sizimuthandiza pa madzi omwe sanawaonepo.

Sitima ya Ilala inapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Scotland mu 1949, ndipo inayamba kuyenda pa nyanja ya Malawi mu 1951. Ndi yaitali pafupifupi mamita 52 ndipo ili ndi nsanjika zingapo: pansi pamadzaza anthu ndi katundu, pamwamba pali malo opumulira ndi ogulitsirapo zakumwa. Ulendo wochoka ku Monkey Bay kukafika ku Chilumba umatenga masiku angapo, choncho kumuuza mwana kuti akhale pampando nthawi yonseyi n'kosatheka.

Nyanjayi si yosewera nayo. Pena ndi yakuya mamita oposa 700, ndipo mphepo ya mwera, yomwe imaomba kwambiri m'miyezi yozizira, imautsa mafunde aakulu. Tchuthi cha mu Ogasiti cha masukulu a ku Zimbabwe chimagwera m'nyengo yomweyi. Anthu a kumpoto kwa Malawi amakumbukirabe sitima ya Vipya yomwe inamira pa 30 Julaye 1946 pafupi ndi Chitimba, pomwe anthu 145 anamwalira. Bungwe la World Health Organization linanena mu lipoti lake la 2024 kuti anthu pafupifupi 300,000 anamwalira pomira m'madzi pa dziko lonse m'chaka cha 2021, ndipo ambiri mwa iwo anali ana ndi achinyamata.

Kaamba ka zimenezi, ufulu wa mwana m'sitima suyenera kuyezedwa ndi zaka zake zokha. Chofunika kuyang'ana ndi malo komanso nthawi. Masana, nyanja ili bata ndipo sitima ili pa ulendo, mwana wa zaka 11 kapena 12 angaloledwe kuyenda pa nsanjika imene banja lake lili, kukagula chakudya kapena kucheza ndi anzake, bola akhale ndi mnzake ndipo abwerere pa nthawi yomwe agwirizana. Wa zaka 9 kapena 10 ndi bwino akhale pomwe kholo likumuona.

Pali nthawi zitatu zomwe ufuluwu uyenera kuimitsidwa kotheratu. Yoyamba ndi pokwera ndi potsika. M'malo monga Usisya ndi Ruarwe sitima imaponya nangula patali ndi gombe, ndipo anthu, matumba a ufa ndi mitolo ya katundu zimatsikira m'maboti ang'onoang'ono mokankhana. Apa mwana aliyense akhale m'manja mwa munthu wamkulu mmodzi wodziwika, chifukwa pagulu aliyense amaganiza kuti mnzake ndiye akumuyang'anira. Yachiwiri ndi usiku, pamene munthu wogwera m'madzi saoneka msanga. Yachitatu ndi pamene mafunde akula, chifukwa masitepe amaterera ndipo mwana wogwidwa ndi nseru amathamangira kumphepete kukasanza.

Malamulo amagwira bwino ntchito akakambidwa sitima isananyamuke. Kholo lizungulire ndi mwanayo n'kumuonetsa pomwe pali majekete opulumutsira moyo, malo omwe adzakumane akasochera, ndi ogwira ntchito m'sitima omwe angawapemphe thandizo. Amuuze momveka kuti sakwera kapena kutsamira pa zitsulo zotchinga m'mphepete, salowa m'chipinda cha munthu wachilendo, ndipo salandira chakumwa kwa munthu amene samudziwa. Nambala za foni za makolo zilembedwe pa pepala lokhala m'thumba mwa mwanayo, popeza pakati pa nyanja netiweki imasowa.

Nkhani ya chiyankhulo nayonso ndi yofunika. Ana ambiri obadwira ku Highfield amayankhula Chishona ndi Chingerezi, Chichewa amangomva pang'ono, pomwe m'sitima mumamveka Chichewa, Chitonga ndi Chitumbuka. Mwana wochita mantha amafuula m'chiyankhulo chimene anazolowera. N'kwanzeru kumuphunzitsa kunena m'Chichewa dzina la kholo lake, mudzi womwe akupita, ndi mawu oti "ndasochera" ndi "ndithandizeni".

Kumpatsa mwana ufulu pang'onopang'ono kumagwirizana ndi mapangano omwe mayiko a Malawi ndi Zimbabwe anavomereza. Gawo 5 la pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989 limati makolo azitsogolera mwana molingana ndi momwe nzeru zake zikukhwimira, ndipo gawo 31 la pangano la ana la mayiko a mu Africa la 1990 limakamba za udindo wa mwana pa banja lake. M'sitima udindowu ungakhale kusunga botolo la madzi, kuwerenga zikwama pa doko lililonse, kapena kukumbutsa banja dzina la doko lotsatira. Koma mwana wa zaka 12 asasiyiridwe mng'ono wake wamng'ono kuti amuyang'anire yekha pafupi ndi madzi.

Mwana akasunga pangano tsiku loyamba, malire ake angakulitsidwe tsiku lachiwiri; akaphwanya, abwerere pafupi ndi kholo. Akuluakulu amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo apaulendo ambiri pa Ilala amathandizadi kuyang'anira ana a anzawo. Komabe udindo woyamba ndi wa amene anachoka naye ku Highfield. Mabanja akulangizidwanso kufunsa ndondomeko ya maulendo a sitimayi asananyamuke ku Harare, chifukwa nthawi zina imaimitsidwa kuti ikonzedwe.