Musanaponye chithunzi chopemphera thandizo, ganizirani mwanayo

Madzulo ano mukatha kudya, tengani foni yanu muone. Pa WhatsApp, pa Facebook kapena pa Instagram simulephera kupeza chithunzi cha munthu amene zamuthina, m'munsi mwake muli nambala ya Airtel Money kapena Mpamba. Apa mwana wagonekedwa m'chipatala, apo denga la sukulu ya mkombaphala lasasuka ndi mphepo, uko gogo akugona m'nyumba yodontha. Ena mwa inu mumatumiza kangachepe, ena mumangodutsa. Koma aliponso ena mwa inu, amene muli m'makomiti a sukulu, m'magulu a amayi kutchalitchi kapena kumzikiti, ndi m'mabungwe a m'midzi osamalira ana, amene ndinu ojambula ndi oponya zithunzizo.

Kale gulu likafuna ndalama linkachititsa pepa sande, kuyenda ndawala, kapena kulembera makalata makampani n'kudikira yankho miyezi itatu. Lero chithunzi chimodzi chojambulidwa ku Phalombe m'mawa chimakhala chafika kwa mlamu wanu ku Johannesburg dzuwa lisanafike paliwombo. Umenewu ndi mwayi, ndipo palibe chifukwa choukanira. Mutu umodzi susenza denga. Koma nkhani yathu lero ndi yakuti chithunzi chimene chabweretsa ndalama chingathenso kusiyira mwana chipsera, ndipo gulu limene sililongosola m'mene ladyera ndalama limatsekera anzake onse khomo.

Chithunzi chimagwira mtima msanga

Munthu ukamuuza kuti anthu zikwizikwi akuvutika amangopukusa mutu n'kupitiriza zake. Ukamuonetsa nkhope imodzi amaima. Pa 2 September 2015, dziko lonse linaona chithunzi cha kamnyamata ka ku Syria, Alan Kurdi, katagona chafufumimba m'mbali mwa nyanja pafupi ndi Bodrum m'dziko la Turkey, katamira pamene banja lake linkathawa nkhondo. Nkhondoyo inali itayamba mu 2011 ndipo anthu ambirimbiri anali atafa kale, koma chimene chinatsegula manja a anthu ndi chithunzi chimenecho. Akatswiri ataunika zopereka zimene bungwe la Red Cross la ku Sweden linalandira zothandizira othawa nkhondowo, anapeza kuti zinakwera kwambiri sabata imeneyo, koma patangotha masabata owerengeka zinayamba kubwerera pansi.

Ifenso tinaziona mu March 2023, namondwe wa Freddy atakantha chigawo cha kumwera. Zithunzi za matope ndi miyala zitakwirira nyumba ku Chilobwe mu Blantyre, ndi za midzi yokokoloka ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu, zinayenda pafoni iliyonse. Anthu anapereka ufa, mabulangete, zidebe ndi zovala. Anthu oposa 600,000 anasowa pokhala, ndipo ambiri anali akusowabe thandizo pa nthawi imene zithunzi zija zinali zitasiya kuyenda.

Phunziro lake ndi lakuti chifundo cha pachithunzi chili ngati moto wa mapesi: chimayaka msanga, chimazimanso msanga. N'chifukwa chake magulu ena amayamba kufunafuna chithunzi chowawa kuposa cha dzulo kuti motowo usazime. Apa ndiye pamene mwana amapwetekera.

Mwanayo adzakula

Tiyerekeze kuti muli m'komiti ya sukulu ya mkombaphala m'dera lanu, ndipo ufa wa phala watha. Wina akuti: "Tiyeni tijambule mwana uja wa zigamba, wamamina uja, ndiye anthu amva chisoni." N'zoona, mwina ndalama ibwera. Koma dzifunseni funso limodzi: akanakhala mwana wanga, kodi ndikanalola?

Chithunzi chikapita pa intaneti sichibwerera. Inu mukhoza kuchichotsa patsamba lanu, koma ena anachisunga kale m'mafoni mwawo ndipo anatumizira anzawo. Mwana amene ali ndi zaka zinayi lero adzafika kusekondale, adzakhala ndi anzake, adzafuna banja. Tsiku lina mnzake adzamuonetsa chithunzi chake ali wosavala, pansi pake atalemba kuti "mwana wamasiye, makolo ake anafa ndi Edzi". Phala lija anamwa n'kuiwala, koma mawu amenewa sangawaiwale.

Ndiye musanajambule, chitani izi. Pemphani chilolezo kwa kholo kapena womulera, ndipo mumuuze zoona zokhazokha: chithunzichi chipita kuti, achiona ndani, ndalama yake igwira ntchito yanji. Mayi amene wavomera poopa kuti akakana mwana wake achotsedwa pa mndandanda wa olandira phala, ameneyo sanavomere, wangogonja. Muuzeni momveka kuti ngakhale akane, thandizo alandirabe. Mwana wamkulupo mumufunsenso mwini wake. Malamulo a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo kuyambira mu 2024 tili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act. Nkhope ya munthu, dzina lake ndi matenda ake si zinthu zongomwaza mwachisawawa.

Musajambule mwana ali maliseche, akulira, kapena ali pabedi la m'chipatala mabala ali pamtunda. Musaonetse buku lake la kuchipatala, chifukwa m'menemo muli dzina, mudzi ndi matenda. Musaphatikize nkhope, dzina lonse ndi malo amene amakhala pa chithunzi chimodzi. Ngakhale baji ya pa yunifolomu imauza munthu wa maganizo oipa kumene angakamupeze mwanayo.

Inu mabanja achinyamata, nkhaniyi ikukhudzaninso pa ana anu enieni. Mwana akadwala matenda ofuna ndalama zambiri, mtima umathamanga ndipo mmodzi amangoponya chithunzi mnzake osadziwa. Bambo amangomva kwa anzawo kuntchito kuti "pepani, taona mwana wanu pa Facebook". Mayi amangodabwa apongozi akuimba foni mokalipa. Mavuto a matenda amasanduka mkangano wa m'banja. Khalani pansi kaye awirinu, mugwirizane zoti munene ndi zoti zikhale za m'nyumba, ndipo achibale apafupi amve kuchokera pakamwa panu asanazione pafoni.

Chisoni si njira yokhayo

Mwina mukuti, nanga tikapanda kuonetsa misozi, apereka ndani? Tamvani izi. Mu January 2015, wojambula zithunzi wa ku America, Brandon Stanton, mwini tsamba la Humans of New York, anakumana ndi mnyamata wa zaka 13 mumsewu ku Brownsville, dera losauka la mu mzinda wa New York. Anamujambula ataimirira bwinobwino, atavala zovala zake, n'kumufunsa za munthu amene wasintha kwambiri moyo wake. Mnyamatayo anatchula mphunzitsi wamkulu wa pasukulu yake ya Mott Hall Bridges Academy, mayi Nadia Lopez. Stanton anapita kukaonana ndi mayiwo, ndipo anagwirizana zopempha ndalama zoti ana a pasukulupo azikaona yunivesite ya Harvard, kuti adziwe kuti nawonso angathe kufikako. Anthu anapereka ndalama zoposa madola 1 miliyoni. Pachithunzi chija panalibe misozi kapena zigamba. Panali mwana wolankhula zanzeru, mphunzitsi wolimbikira ndi cholinga chomveka.

Inunso mungachite chimodzimodzi. Ngati vuto ndi denga, jambulani dengalo. Ngati ndi phala, jambulani mphika wopanda kanthu pamafuwa, kapena amayi odzipereka akutunga madzi ndi kuwaza nkhuni. Onetsani njerwa zimene anthu a m'mudzimo aumba kale ndi mchenga umene atuta. Munthu amapereka mosavuta akaona kuti eni ake ayambapo ndipo angotsala pang'ono. Ana mukhoza kuwajambula chakumbuyo, patali, kapena manja okha atagwira makapu.

Mawu a pansi pa chithunzi akhale ochepa koma okwanira. Nenani kuti ndinu ndani, muli kuti, mukufuna chiyani, chochuluka bwanji, ndipo pofika liti. "Tithandizeni, ana akuvutika" sizimuuza munthu kanthu. Koma mukati mukufuna malata 40, mwapeza kale 15, ndipo mukufuna kufolera mvula isanagwe, aliyense amadziwa pamene dzanja lake lingafike. Wina anena kuti "ine ndigula awiri". Lembani m'Chichewa, ndipo ngati mukufuna kuti abale a kunja atumizire anzawo a kumeneko, onjezerani mizere iwiri ya Chingerezi.

Dzina la gulu lanu ndi nambala yolandirira ndalama muzilembe pachithunzi penipenipo, osati m'munsi mokha. Akathyali amatenga chithunzi cha eni ake, n'kufufuta mawu a m'munsi, n'kuikapo nambala yawo. Kumbukiraninso kuti anthu ambiri amagula bandulo yochepa, choncho chithunzi chimodzi chooneka bwino chimafika kutali kuposa kanema wautali amene anthu amaopa kutsegula. Ndipo popeza Status ya pa WhatsApp imazimirira pakatha maola 24, nkhani yonse muisunge patsamba la gulu pamene munthu angaipeze ngakhale mwezi wamawa.

Ndalama ikafika, ntchito ndiye yayamba

Magulu ambiri amagwera apa. Popempha amaponya zithunzi m'mawa, masana ndi madzulo, koma ndalama ikalowa kuli zii. Opereka amayamba kunong'onezana, ndipo ulendo wina ngakhale vuto likhale lenileni, manja amakhala m'thumba.

Mu January 2021, matenda a Covid-19 atavuta ndipo zipatala zikusowa zipangizo zoperekera mpweya kwa odwala, mlembi Stanley Onjezani Kenani anayambitsa ntchito yosonkha ndalama kudzera pa Facebook. Amalawi a kuno ndi a kunja anapereka. Chimene chinalimbitsa anthu mtima n'chakuti ankauzidwa pafupipafupi ndalama zimene zalowa ndi zimene zagulidwa, ndipo ankaona katunduyo akufika m'zipatala. Wopereka akaona kumene ndalama yake yapita amaperekanso, n'kuitana mnzake.

Gulu lanu, ngakhale likhale la anthu khumi, lingatengere chitsanzo chimenechi. Ndalama isamalowe mufoni ya munthu mmodzi amene amagulanso nayo ndiwo za kunyumba kwake. Khalani ndi nambala kapena akaunti ya gulu, ndipo potapa pazikhala anthu awiri kapena atatu. Lembani m'kope chilichonse cholowa ndi chotuluka. Jambulani malisiti n'kuwaonetsa. Malata akafika jambulani, akakhomedwa jambulaninso. Zikakwana nenani poyera kuti zakwana, anthu asiye kutumiza. Ikatsala, fotokozani zimene muchite nayo. Zikavuta, mwina mitengo yakwera kapena mmisiri wathawa, nenaninso. Anthu amakhululukira vuto limene auzidwa, koma sakhululukira chinsinsi. Pothokoza, musatchule dzina la wopereka ndi kuchuluka kwa ndalama yake musanamufunse, chifukwa ena safuna kuti dzanja lawo lidziwike.

Nanga inu opereka?

Safunsa anadya phula. Musanatumize, onani ngati tsambalo lili ndi mbiri. Kodi linayamba liti? Kodi linaonetsapo ntchito imene linamaliza? Kodi dzina la mwini nambala likugwirizana ndi la gulu kapena la munthu amene watchulidwa? Ngati akuti ndi bungwe, mabungwe omwe si aboma amayenera kulembetsa ku NGO Regulatory Authority, imene kale inkatchedwa NGO Board, ndipo bungwe loona silikwiya mukalifunsa za kalembera wake. Ngati ndi kagulu ka m'mudzi, funsani munthu amene mukumudziwa m'deralo, kaya mphunzitsi, mlangizi wa zaumoyo kapena mtsogoleri wa mpingo. Chenjerani ndi uthenga wokukakamizani kuti mutumize pompano, komanso munthu amene amakwiya mukapempha kukaona wodwalayo.

Musathamangirenso kutumizira anzanu chithunzi chimene inu simunachitsimikize. Anzanuwo apereka chifukwa chokhulupirira inu, ndipo zikadzadziwika kuti linali bodza, dzina loipa ndi lanu. Chikakhala chithunzi chochotsa mwana ulemu, chisapitirire pafoni yanu. Mukhoza kuthandiza popanda kuchifalitsa.

M'banja gwirizanani za zopereka. Si bwino kuti bambo atumize ndalama ya makala chifukwa chithunzi chawakhudza ali pa minibasi, mayi n'kumadabwa kunyumba. Patulani kangachepe pamwezi, musankhe limodzi kumene kapite. Ndipo kupereka pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi kumalo amodzi amene mukuwadziwa kumathandiza kuposa kukhuthula kamodzi tsiku limene mtima wawawa. Mphika wa phala uja umafuna ufa ngakhale mwezi umene palibe amene waujambula.

Ana anu akuonerera zonsezi. Akuona zimene mumajambula, zimene mumatumiza ndi m'mene mumanenera anthu ovutika. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Choncho sabata ino komiti ikakumana, wina n'kutulutsa foni kuti ajambule, inu muyambe mwafunsa ngati mayi ake a mwanayo auzidwa.