Galasi la m'mbali likamagwedera, guluu si mankhwala ake

Pa zinthu zonse zimene zimatha pa galimoto yakale, galasi la m'mbali ndilo limapeputsidwa kwambiri. Injini ikayamba kutsokomola mwini wake amathamangira ku galaja, mabuleki akalira amasowa tulo, koma galasi likayamba kunjenjemera kapena kuwerama lokha galimoto ili pa liwiro, amangotulutsa dzanja pa windo n'kulibweza. Likanyanya amalikulunga ndi mphira ya chubu kapena kulithira guluu, ndipo likakana zonsezi amalizula n'kuika la pulasitiki logula pa msika. Njira zitatuzi n'zolakwika pa galimoto monga Peugeot 404, Morris Minor, Land Rover yakale kapena Volkswagen ija timaitcha chikumbu. Magalasi a nthawi imeneyo anapangidwa ndi tizitsulo tomangidwa ndi manati, masikuluwu ndi masipuling'i, ndipo chimene chinamangidwa chikhoza kumangidwanso. Kawirikawiri vuto limakhala pa malo amodzi aang'ono, ndipo ntchito yeniyeni ndi kupeza malowo musanagwire sipanala.

Kuti timvetse chifukwa chake magalasiwa amagwedera, tiyenera kudziwa kuti anabwera mochedwa pa galimoto. Pamene Ray Harroun ankapambana mpikisano woyamba wa Indianapolis 500 mu 1911 ndi galimoto ya Marmon, galasi loonera kumbuyo limene anaika patsogolo pake linali chinthu chachilendo. Galasi lakunja linachedwa kuposa pamenepo: ku America lamulo lokakamiza kuti galimoto yatsopano ikhale ndi galasi lakunja kumbali ya dalaivala linayamba kugwira ntchito mu 1968. Ku Britain magalasi ambiri a m'ma 1950 ndi m'ma 1960, opangidwa ndi makampani monga Lucas, Wingard, Desmo ndi Tex, ankagulidwa padera, ndipo wogulitsa galimoto kapena mwini wake ankaboola yekha madigadi kapena chitseko n'kuwamangirira. Ku Japan galimoto zogulitsidwa m'dzikomo zinkakhala ndi magalasi pa madigadi mpaka mu 1983 pamene a pachitseko analoledwa. Chikumbu cha zaka zisanafike 1968 chinkanyamula galasi lake pa msomali wa hinji ya chitseko. Tanthauzo la mbiri imeneyi n'lakuti pa galimoto zambiri zakale galasi lakhazikika pa chitsulo chopyapyala chimene okonza galimotoyo sanachilimbitse kuti chisenze kanthu. Mphepo imalikankha, msewu wa mabampu umaligwedeza, chitseko chimamenyetsedwa tsiku ndi tsiku kwa zaka makumi asanu. Likagwedera lero, mlandu kawirikawiri umakhala wa pamene lakhala, osati wa galasilo.

Kufufuza kwake sikulira chida. Gwirani tsinde la galasi pamene lakhudzana ndi chitseko, n'kuligwedeza pang'ono. Ngati tsindelo likusuntha pa penti, vuto lili pa mabawuti kapena pa chitsulo cha chitseko. Ngati tsinde lili nji koma mkono ukuzungulira mosavuta, ndiye kuti nati kapena sipuling'i ya pa mfundo yafooka. Ngati mkono walimba koma mutu ukuwerama wokha, yang'anani kampira kachitsulo kamene kali kuseri kwa mutuwo. Ndipo ngati zonsezi zili bwino koma chithunzi chikunjenjemerabe, dinani kalilole weniweniyo ndi chala, chifukwa nthawi zina ndiye amavina m'kati mwa chikombole chake. Munthu wothira guluu amalumpha kufufuza kumeneku, n'chifukwa chake nthawi zambiri amamata pamene sipanavute.

Pa tsinde m'pamene pamawonongeka zambiri, ndipo owononga ake amakhala anthu a cholinga chabwino. Pakati pa tsinde ndi penti pamakhala kamphira kapena kapulasitiki kopyapyala. Kakauma ndi dzuwa n'kuphwasuka pamatsala mpata, galasi limayamba kusewera, bowo limakula, madzi amalowa, dzimbiri n'kuyamba kudya m'mphepete mwa bowolo. Apa makaniko wofulumira amatenga sikuluwu yokulirapo, ya mtundu uja wodziboolera wokha, n'kuikakamiza. Imagwira kwa miyezi ingapo, kenako bowo limakulanso, ndipo tsiku lina sipadzakhala sikuluwu yokwana. Njira yoona ndi kuchotsa chivundikiro cha m'kati mwa chitseko, kapena kusuzumira kunsi kwa madigadi, kuti muone chimene chili kuseri. Palani dzimbiri, pakani penti yoteteza, dulani kamphira katsopano, ndipo kuseriko ikani washala yaikulu kapena kachitsulo kafulati kuti kulemera kwa galasi kugawike pa malo otakata. Mangani ndi nati ya mphete ya pulasitiki m'kati, imene simasuka ndi kugwedezeka. Pamene dzanja silingafike kuseri, pali nati yapadera imene imafinyidwa m'bowo ngati riveti n'kusiya mazinga atsopano. Pa Land Rover yakale pali chenjezo lowonjezera: thupi lake ndi la aluminiyamu, ndipo aluminiyamu ikakhudzana ndi bawuti yachitsulo pamalo a chinyezi imadyeka n'kusanduka ufa woyera, choncho pakati pake pafunika penti, girisi kapena washala yapulasitiki.

Nkhani ya mazinga ndi yofunika kuimapo, chifukwa m'mashopu athu mabawuti ambiri ndi a muyeso wa mamilimita. Amenewa amakwana pa Peugeot, Volkswagen ndi Mercedes-Benz, koma galimoto zakale za ku Britain ndi ku America zinkagwiritsa ntchito miyeso ya mainchesi, monga UNF, ndiponso BA pa tizinthu ting'onoting'ono ta ku Britain. Bawuti ya mamilimita 6 imafanana kwambiri ndi ya kota ya inchi mukaziyang'ana ndi maso. Imalowa kamodzi kapena kawiri, n'kulimba, ndipo wosadziwa amayesa kuti yagwira pamene ikudula mazinga akale. Lamulo lake n'lapafupi: bawuti yoyenera imalowa ndi zala mpaka pafupi ndi mapeto. Ikafuna sipanala poyambirira pomwe, si yake. Chimodzimodzi mitu ya masikuluwu a mtanda: ya pa Datsun ndi Toyota zakale ndi ya muyeso wa ku Japan, ndipo sikuludiraiva ya Phillips imaterereka m'menemo n'kuifafaniza. Sikuluwu yadzimbiri ithireni mafuta omasulira n'kuisiya usiku wonse, osati kulimbana nayo.

Chifukwa china chodekhera ndi chitsulo chimene anapangira magalasiwa. Kunyezimira kwa chrome kumanamiza. Pansi pake, makamaka pa tsinde ndi mkono, nthawi zambiri pamakhala zinki wosakaniza ndi aluminiyamu pang'ono, amene ku America amatchedwa Zamak ndipo ku Britain Mazak. Ankamukonda chifukwa amathiridwa m'chikombole mosavuta n'kutulutsa maonekedwe okongola, koma sapindika, amangothyoka, ndipo mazinga ake sachedwa kutha. Amasungunuka pa kutentha kwa madigiri osafika 400, pamene chitsulo wamba chimafuna pafupifupi madigiri 1,500. Ndiye wowotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo, ngakhale akhale katswiri pa ntchito yake, akalozetsa moto wake pa mkono wa galasi amatsala ndi dontho. Mazinga akatha mu zinki, mankhwala ake ndi kubowola pang'ono n'kuikamo kawaya kopota ka mtundu wa Helicoil, kamene kamabwezeretsa muyeso wakale. Pofuna kuti nati isamasukenso, dontho la mankhwala omangira mazinga a Loctite a buluu ndi lokwanira. Ofiira asiyeni, popeza amafuna moto kuti amasuke, ndipo moto pafupi ndi zinki ndi penti ndi ngozi.

Tsono tifike pa kampira, pamene guluu amakopa anthu kwambiri. Mutu wa galasi umazungulira pa kampira kokhala m'kambale, monga fupa la phewa limakhalira m'malo mwake, ndipo chimene chimaugwira kuti usagwe si china koma kufinyana. Kachitsulo kena kamapanikiza kampirako, pena ndi masikuluwu awiri kapena atatu, pena ndi sipuling'i, pena ndi mariveti. Zaka zikamapita kampira kamaperepeseka, kachitsuloko kamatopa, kufinyana n'kutha. Guluu wouma msanga uja amachita ziwiri ndipo zonse n'zoipa: akagwira, galasi limauma pamalo amodzi osathekanso kulisintha dalaivala wina akakhala pa chiwongolero, akapanda kugwira, amasweka ndi kugwedezeka n'kusiya timibulu m'kambale, komanso nthunzi yake imasiya chifunga choyera pa chrome. Chofunika ndi kubwezeretsa kufinyana. Pa magalasi ena sikuluwu yomangira imaonekera kunja, ndipo kuipotoza pang'ono kumathetsa nkhani. Pa ena muyenera kuchotsa kalilole kuti mufike m'kati, kumanga masikuluwu pang'onopang'ono mosinthanitsa, kapena kulowetsa kachidutswa kopyapyala ka mkuwa pakati pa kampira ndi kachitsulo. Mariveti otha amabooledwa n'kuikapo timabawuti. Muyeso wake ndi woti mutu uzisuntha mukaukankha ndi dzanja koma usasunthe mukamenyetsa chitseko.

Kuchotsa kalilole n'kumene kumaopsa ambiri, ndipo mantha ake ndi omveka. Ena amagwidwa ndi mphete ya pulasitiki kapena ya mphira imene imafewa mukaviika mutuwo m'madzi otentha, ena anamatidwa ndipo amafuna kutenthetsa pang'ono. Koma ngakhale atasweka, kalilole wafulati ndiye chinthu chosavuta kupeza pa galasi lonselo, popeza odula magalasi a nyumba akhoza kudula wina potengera wakaleyo. Pomubwezera musagwiritse ntchito silikoni wa fungo la viniga, chifukwa asidi wake amadya utoto wonyezimira wa kuseri.

Wina anena kuti zonsezi ndi kutaya nthawi, popeza galasi latsopano n'lotchipa ndipo limamangidwa m'mphindi zochepa. Mtengo wake pa shelefu ndi wotsikadi, koma si mtengo wonse. Mabowo a galasi la galimoto ina sakumana ndi akale, ndiye pamafunika kuboola ena, ndipo bowo lililonse latsopano pa chitseko cha zaka makumi asanu ndi khomo la dzimbiri. Chachiwiri, ngati vuto linali pa chitsulo cha chitseko, galasi latsopanolo lidzagwedera pamalo omwewo. Ngakhale magalasi opangidwa lero motsanzira akale, amene amagulitsidwa ku Britain ndi ku South Africa, amasiyana ubwino, ndipo otchipa ake amafooka kampira msanga. Pali ndi nkhani ya mtengo wa galimoto: Peugeot 404 inasiya kupangidwa ku Kenya mu 1991, chikumbu chomaliza chinatuluka ku Puebla m'dziko la Mexico mu 2003, ndipo ziwiya zake zenizeni zikuchepa chaka ndi chaka. Wogula wodziwa amayang'ana tinthu ngati timeneti.

Chotsutsa champhamvu kwambiri ndi cha chitetezo, ndipo sichiyenera kukankhidwira pambali. Magalasi akale ndi aang'ono, ambiri ndi afulati, ndipo anapangidwira misewu yopanda piringupiringu wa lero. Mu Lilongwe kapena Blantyre, kumene njinga zamoto za kabaza zimadutsa mbali zonse ziwiri ndipo minibasi imatuluka pa siteji mosachenjeza, dalaivala amafunika kuona zambiri kuposa zimene kagalasi kozungulira ka mu 1965 kangamuonetse. Amene akunena zimenezi akunena zoona. Koma yankho lake silifuna kuzula galasi lakale. Mukhoza kuika kalilole wotukuka pang'ono m'chikombole chomwecho, amene amaonetsa malo otakata ngakhale amachititsa zinthu kuoneka ngati zili patali, kapena kuwonjezera galasi lopanira m'mphepete mwa chitseko popanda kuboola, makamaka kumanzere kumene galimoto zambiri zakale zinalibe kanthu. Ndipo mfundo ya chitetezoyo ndiyo ikutsutsa kwambiri mphira ndi guluu, chifukwa galasi lonjenjemera silionetsa kanthu, likhale lalikulu kapena laling'ono.

Pali nthawi imene galasi lakale liyenera kupuma. Zinki wina wa kale ankakhala ndi zosafunika monga mtovu, ndipo akakalamba amatupa, kuchita ming'alu n'kuyamba kunyenyeka yekha. Wotereyu palibe chomuchiritsa. Mkono wothyoka pakati nawonso sungadaliridwe pa liwiro ngakhale mutaumata bwanji. Zikatero funani galasi la mtundu womwewo kwa ogulitsa ziwiya zakale, ndipo yezani mtunda wa pakati pa mabowo musanapereke ndalama. Koma ngati chitsulo chili chamoyo, uzani makaniko wanu kuti atsegule chitseko aone kuseri asanatenge chobowolera, ndipo akatulutsa guluu m'thumba, mukaneni.