Kuwawa kwa Chinangwa: Zimene Amayi Ankadziwa ndi Zimene Akafukufuku Anatsimikiza

Nkhani yathu ndi ya chakudya chimene ambiri a ife kuno kunyanja timadya tsiku ndi tsiku. Kuyambira ku Nkhotakota, kudutsa ku Nkhata Bay, kufika ku Chilumba ndi ku Vinthukutu m'boma la Karonga, nsima ya kondowole ndiyo imasunga mabanja. Timaphunzitsidwa kuti chakudya chikhale cha halaal, chikhalenso chabwino, chosavulaza thupi. Chinangwa ndi chololedwa popanda chikaiko, koma kuti chikhale chabwino zimadalira manja a wochikonza.

Mbewuyi kwawo ndi ku South America, ndipo anabwera nayo ku Africa ndi Apwitikizi zaka zoposa 400 zapitazo. Inakondedwa chifukwa imapirira chilala, imabereka ngakhale pa dothi lamchenga, ndiponso munthu angathe kuisiya m'nthaka n'kumakumba pang'onopang'ono. Koma muzu wake ndi masamba ake zili ndi mankhwala achibadwa otchedwa linamarin. Muzu ukakhala wathunthu mankhwalawa amakhala chete. Ukaphwanyidwa, ukatafunidwa kapena ukafewa m'madzi, amakumana ndi michere ina ya mu muzu momwemo, ndipo pamatuluka poizoni wotchedwa cyanide. Chinangwa chilichonse chili naye poizoniyu, kusiyana kwake n'kwakuti china chili ndi wochepa, china wochuluka.

Alimi a m'mbali mwa nyanja anagawa kale chinangwa m'magulu awiri: chozizira, monga Mbundumali amene ena amati Manyokola, ndi chowawa, monga Gomani. Kwa nthawi yaitali ophunzira ena ankadabwa chifukwa chimene anthu osauka amadzalira chinangwa chowawa pamene chozizira chilipo, ndipo ankaganiza kuti ndi umbuli. M'zaka za m'ma 1990 mayi wina wa ku Malawi konkuno, Linley Chiwona-Karltun, pamodzi ndi Jonathan Mkumbira, dokotala Hans Rosling wa ku Sweden ndi anzawo ena, anakachita kafukufuku m'midzi ya ku Nkhata Bay. Anayamba n'kufunsa amayi eni minda, ndipo pamenepa anachita bwino.

Amayiwo anayankha kuti kuwawako ndiye mlonda wa munda. Wakuba sangazule chinangwa chowawa n'kudyera pomwepo. Anyani ndi nguluwe amachipewa. Ngakhale a m'banja momwemo sangamangokumba mwachisawawa, popeza chimafuna masiku angapo a kukonza chisanadyedwe, kotero mayi ndiye amalamula tsiku lokumba ndi muyeso wake. Amayi okhala okha, opanda mwamuna wolondera munda, ndiwo ankachidalira koposa. Ananenanso kuti ufa wa chowawa umayera bwino ndipo nsima yake imakoma.

Kenaka akafukufukuwo anatenga mizu ya mitundu khumi imene inkalimidwa kwambiri kumeneko n'kukaiyesa. Anapeza kuti mitundu imene alimi amaitcha yowawa inali ndi mankhwala aja ochuluka kanayi kapena kuposa poyerekeza ndi yozizira, ndiponso kuti mlimi akalawa kansonga ka muzu amatha kudziwa ngati muzuwo ndi woopsa. Mu 2003 anafalitsa zotsatira za kuyesa chibadwa cha mbewuzo, chimene asayansi amachitcha DNA, ndipo zinaonetsa kuti magulu awiriwo ndi osiyanadi m'chibadwa, komanso kuti maina amene alimi amapatsa mitundu yawo si ongopeka. Mayi amene sanapiteko kusukulu ankazindikira mtundu poona tsinde ndi masamba, ndipo makina anavomerezana naye.

Tsono ngozi imachokera kuti? Imachokera ku njala ndi ku changu. Mu 1981, kumpoto kwa Mozambique m'chigawo cha Nampula, kunagwa chilala. Mbewu zina zinafa, kunatsala chinangwa chowawa chokha. Chinangwa chikamakula pa chilala poizoni wake amachuluka, ndipo anthu anjala analibe mtima wodikira kuti chikonzeke mokwanira. Anthu oposa 1,000, makamaka ana ndi amayi, anadzidzimuka miyendo itauma, osatha kuyenda bwino. Eni dera anawatcha matendawo mantakassa. Dzina limene madokotala amagwiritsa ntchito ndi konzo, lochokera ku Congo kumene matendawa analembedwa koyamba mu 1938. Hans Rosling anali dokotala m'chigawo chimenecho nthawi imeneyo, ndipo iye ndi anzake, mmodzi mwa iwo Julie Cliff, ndiwo anasonyeza kuti gwero lake ndi chinangwa chosakonzedwa bwino. Konzo sapatsirana, ndiponso sachokera kwa mfiti. Koma mitsempha ikawonongeka sibwereranso, ndipo mankhwala ochiritsa palibe. Mwana amene walumala motero amakhala wolumala moyo wake wonse.

Njira ya makolo athu ndiyo yoteteza: kusenda, kuviika m'madzi mpaka muzu wonse utafewa, kusinja, n'kuyanika mpaka kuumiratu. Kufewako kumatenga masiku atatu kapena anayi, ndipo m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi kumachedwerapo. Apa tiyenera kumvetsa bwino. Si madzi okha amene amatsuka poizoni. Kufewa kwa muzu ndiko kumalola kuti linamarin asweke, ndipo kuyanika kumachotsa cyanide wotsala, pakuti iye amauluka ngati mpweya. Amene wavuula chinangwa tsiku lachiwiri pakati pake pakadali polimba, chifukwa choti ana akulira njala kapena wogula akudikira, wasiya ntchito pakati. Amenenso wangoyanika makaka a chowawa padzuwa osaviika wachotsa poizoni wochepa chabe. Muyeso umene mabungwe a FAO ndi WHO anaika ndi wakuti ufa wa chinangwa usapitirire mamiligalamu 10 a cyanide pa kilogalamu imodzi. Ufa woviikidwa mokwanira umafika pamenepo kapena pafupi, pamene wachangu umapitirira kutali. Zizindikiro zoyamba n'zodziwika: chizungulire, mutu, nseru ndi kusanza patangopita maola ochepa munthu atadya. Banja likaona zotere lisiye ufawo, ndipo wodwala apite naye kuchipatala.

Kwa iwo ogula ufa kumsika, osadziwa mmene unakonzedwera, wasayansi wa ku Australia, Howard Bradbury, anapeza njira yapafupi cha m'ma 2005. Sakanizani ufa ndi madzi kuti unyowe, muuyale mopyapyala pa lichero kapena pa mphasa, muusiye maola asanu pamthunzi kapena awiri padzuwa, kenaka muphike. Njirayi inaphunzitsidwa kwa amayi a m'midzi ina ya ku Congo kumene konzo anali wofala, ndipo matendawo analeka kugwira anthu atsopano. Chigwada nacho chili ndi mankhwalawa ochuluka kuposa muzu, n'chifukwa chake timachisinja bwino ndi kuchiwiritsa mokwanira mumphika wosavundikira.

Pali chinanso chimene chatiteteza ife a kunyanja, mwina osadziwa. Thupi limatha kusandutsa cyanide wochepa kukhala chinthu china chotuluka ndi mkodzo, koma kuti litero limafuna michere yopezeka mu nsomba, nyama ndi mazira. Chinangwa pachokha chilibe michere imeneyi yokwanira. Choncho usipa wa pambali pa kondowole uli ndi ntchito yoposa kukometsa nsima, ndipo bambo amene amagulitsa nsomba zonse n'kusiya ana akudya kondowole ndi mchere wokha aganizirepo bwino. Chinthu chotuluka ndi mkodzo chija chimasokonezanso ayodini m'thupi, zimene zingakulitse chithokomiro kumene ayodini ndi wochepa. Mchere wa m'paketi wokhala ndi ayodini ndi woyenera m'nyumba iliyonse yodalira chinangwa.

Tibwerere kumunda. Akuluakulu akukumbukira kodikodi, kachilombo koyera kamene kanawononga chinangwa ku Nkhata Bay ndi madera oyandikana nawo pakati pa zaka za m'ma 1980, mpaka mabanja anagona ndi njala. Thandizo linachokera kwawo kwa chinangwa. Asayansi anapeza ku Paraguay kamavu kakang'ono koikira mazira m'thupi la kodikodi, anakaswetsa ndi kukamwaza m'maiko ambiri a mu Africa, Malawi ali momwemo. Hans Herren, amene anatsogolera ntchitoyi, analandira mphotho ya World Food Prize mu 1995. Chimodzimodzi ndi khate la chinangwa, matenda opinda masamba: mphamvu yolimbana nalo imene ili m'mitundu yambiri yamakono inachokera ku mtengo wa mpira, mbale wa chinangwa amene masamba ake ena amadya ngati ndiwo. Asayansi a ku Amani ku Tanzania anaukwatitsa ndi chinangwa kuyambira m'zaka za m'ma 1930. Mtengo umene ambiri ankauyesa wopanda ntchito ndiwo unali ndi chimene chinangwa chinkasowa.

N'chifukwa chake sitikugwirizana ndi maganizo akuti mlimi ataye mitundu yonse yamakolo n'kutsala ndi umodzi. Malo a kafukufuku a boma monga Mkondezi ku Nkhata Bay ndi Baka ku Karonga akhala akuyesa mitundu yatsopano, ndipo ina monga Sauti inafika kale kwa alimi. Ndi bwino kuidzala, koma pambali pa yakale. Lero matenda ovuta kunyanja ndi aja owoletsa muzu m'kati, ochititsa mawanga abulauni pamene kunja ukuoneka wabwino. Amafala kudzera m'timbalambala toyera ndiponso m'mitengo yodzala, ndipo mitundu siigwidwa mofanana. Mlimi wa ku Vinthukutu potenga mbewu adule ku mitengo imene waona mizu yake kuti ndi yoyera, azule ndi kutentha yodwala, ndipo asatenge mbewu ya kutali asanafunse mlangizi wa zaulimi wa m'dera lake.