MLENDO M'MUNDA WA ENI: KUKATHANDIZA ULIMI KU KALOMWE

Achinyamata ambiri a m'mipingo yathu akamva za ntchito yongodzipereka kunja kwa dziko, maganizo awo amathamangira ku ndege ndi ku Ulaya. Komatu kunja kwa dziko kuli pafupi. Munthu wochokera pa boma la Dedza akangodutsa pa chipata cha malire, waponda pa Kalomwe, m'boma la Angónia, chigawo cha Tete, ku Mozambique. Ndalama yake ndi metikali, m'maofesi amalankhula Chipwitikizi, koma kumunda moni wake ndi womwewu wa kwathu.

Malire amenewa adalembedwa pa pangano la Angerezi ndi Apwitikizi mu 1891, ndipo adagawa Angoni ndi Achewa amene adali amodzi. Boma la Apwitikizi litatseka mishoni ya Mphatso mu 1922, Akhristu a kumeneko ankawoloka kudzabatizidwa ndi kudzadya Mgonero m'mipingo ya kuno. Pa nthawi ya nkhondo, imene idatha mu 1992, anthu pafupifupi miliyoni imodzi adathawira m'Malawi, ndipo ambiri a ku Angónia adasungidwa ku Dedza ndi ku Ntcheu. Tsono amene akupita kukathandiza pa munda wa mpingo kapena wa gulu la m'mudzi akupita kwa abale.

Dziko la Angónia ndi lokwera ndi lozizira, lotchuka ndi chimanga, nyemba ndi kachewere. Koma vuto la minda ya m'mapiri ndi limodzi mbali zonse za malire: mvula yamphamvu imakokolola dothi la pamwamba, zigwembe zimakula, ndipo mlimi amasanduka kapolo wa feteleza amene mtengo wake sangaukwanitse. Ulimi wosamala nthaka umayankha vutoli ndi zinthu zimene zili kale pamudzi. Mapesi satenthedwa, koma amayalidwa m'munda kuti asunge chinyezi ndi kuwolerana. Nthaka sitembenuzidwa chaka ndi chaka. Mlimi amangokumba mapando ndi kuthiramo manyowa. Chimanga chimasinthana ndi nyemba, soya kapena mtedza, mbewu zimene zimabwezera chonde. Pa malo otsetsereka amaika akalozera ndi kubzalapo udzu wa vetiva. Njira zoterezi adazifalitsa m'mipingo yambiri ndi Brian Oldreive, mlimi wa ku Zimbabwe, amene adayamba kuziyesa kufupi ndi Bindura m'zaka za m'ma 1980.

Ntchito imeneyi njolemetsa, makamaka chaka choyamba. Kuunjika manyowa kumayamba anthu akangokolola, mapando ayenera kutha mvula ya November isanagwe, ndipo udzu sudikira munthu. Apa ndi pamene manja a wongodzipereka amafunika, monga momwe makolo ankathandizirana pa dima.

Koma pali ngozi imodzi. Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Munda umene wayenda bwino chifukwa cha mlendo yekha umagonera iye akangobwerera kwawo. Choncho wopita kukathandiza ayambe wadzionetsa kwa anyakwawa ndi kwa akulu a mpingo. Afunse amayi amene alima phiri limenelo moyo wawo wonse kuti madzi amadzera pati, ndi nyemba ziti zimene zimachita bwino. Asalonjeze mbewu kapena ndalama zimene alibe. Njira yatsopano iyesedwe pa kachigawo kochepa, pambali pa yakale, kuti eni ake aweruze okha pa nthawi yokolola. Pakuti mbewu zikakanika, wogona ndi njala si mlendo ayi.

Mpingo umene ukufuna kutuma achinyamata ake ulembere kaye mpingo wowalandira, ndipo uonetsetse kuti ali ndi zikalata zoyenera zodutsira pa chipata. Apite ndi makasu awo, kamba wawo ndi zofunda, pakuti June wa ku Angónia amazizira ngati wa ku Dedza. Akabwerako tidzawafunse zimene aphunzira, chifukwa nthaka yathunso ikupita ndi madzi.