Kodi mumpweya wa ku Cassacatiza muli chiyani?

Mwapukuta tebulo m'mawa, madzulo fumbi labwereranso. Inu okhala pafupi ndi chipata cha malire, pomwe malole amadikira kuwolokera ku Chanida, mukulidziwa fumbi limeneli. Komatu si dothi lokha.

Akatswiri amaliyeza motere. Amaika makina aang'ono panja pa nyumba. Makinawo amakoka mpweya kwa maola 24 kudzera pa kapepala kosefera. Kenako amayeza kulemera kwa kapepalako, ndipo ku labotale amafufuza zomwe zakodwapo: chitsulo cha m'dothi, sulufule wa mu utsi wa dizilo, mwinanso mtovu. Mtovu, ngakhale wochepa, umaononga ubongo wa mwana.

Tinthu tating'onoting'ono totchedwa PM2.5 sitioneka ndi maso, koma timalowa mpaka m'mapapo. Tina timachokera pafupi kwambiri: pa moto wa nkhuni wophikira nsima.

Muno mu Chifunde muli okumba golide. Wina akamawotcha golide wosakaniza ndi mekyule pakhomo, chotsanipo ana. Nthunzi yake ilibe fungo, ndipo imadutsa pa kapepala kaja.

Ndime 90 ya malamulo oyendetsera dziko la Mozambique imakupatsani ufulu wokhala pamalo abwino. Pamsonkhano wa m'mudzi, funsani aboma: mpweya wathu mudzauyeza liti?