Tsikani Mukaone: Zodabwitsa za M'mbali mwa Msewu wa Zomba–Mangochi

Msewu wochokera ku Zomba kudzera ku Liwonde mpaka ku Mangochi mwina mwauyenda kosawerengeka, popita ku maliro, kokagula usipa kapena poperekeza wodwala ku chipatala chachikulu. Koma kodi munatsikapo kuti muone nsanja ya wotchi ya ku Mangochi, kapena mwala uja amautcha wa Mphini? Ambiri mwa ife timati zimenezo n'za alendo oyenda ndi makamera. Chonsecho alendowo amawononga ndalama zambiri pa ndege kudzaona zinthu zimene inu mungazifikire ndi minibasi.

Malo amenewa ali ndi nkhani zake, ndipo mukatchera khutu mupeza kuti zambiri zikukhudza umoyo: mmene makolo athu ankaopera matenda, mmene ankachitira ndi odwala, ndiponso zina zimene tikuchitabe mpaka lero. Ulendo wake ndi mankhwalanso. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azilimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndipo kuyenda ndawala kumawerengedwa. Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi achuluka pakati pathu, makamaka kwa ife amene timakhala pampando tsiku lonse. Ndiye mangani nsapato, tiyambire ku Zomba.

Chipilala cha asilikali

Mukamalowa mu mzinda wa Zomba kuchokera ku Blantyre, chipilala chachitali cha njerwa chimakulonjerani pafupi ndi malo a asilikali a Cobbe. Anachimanga pokumbukira asilikali a King's African Rifles amene anafa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse ya 1914 mpaka 1918. Yandikirani muwerenge mayina. Mwina mupezapo dzina la kwanu.

Mukamawerenga, kumbukiraninso amtengatenga, amuna zikwizikwi amene anatengedwa m'midzi kukasenza katundu wa nkhondo. Ambiri mwa iwo sanafe ndi chipolopolo. Anafa ndi kamwazi, malungo, njala ndi kutopa, ndipo nkhondo ikutha kumene kunabuka mliri wa chimfine wa 1918 umene unapululanso anthu. Madzi akumwa oipa ndi zimbudzi zosalongosoka zinagwetsa amuna amphamvu amenewo, monga momwe kolera amachitira m'midzi mwathu nyengo ya mvula.

Dzenje la Chingwe

Phiri la Zomba ndi lotalika mamita opitirira 2,000, ndipo pamwamba pake pali zambiri zoti muone. Pali damu la Mulunguzi limene limamwetsa mzinda wonse, mathithi a Williams, ndi malo awiri oonera patali: Queen's View ndi Emperor's View. Malo achiwiriwa anapatsidwa dzinali chifukwa mfumu ya ku Ethiopia, Haile Selassie, inaimapo itabwera kudzacheza m'dziko muno. Kukakhala kopanda nkhungu mumaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje. M'mbali mwa msewu wokwera phiri anyamata amagulitsa zipatso ndi bowa. Gulani ndithu, koma zipatsozo muzitsuke ndi madzi aukhondo musanadye.

Malo amene amazizitsa nkhongono ali chakumadzulo kwa phirili, moyang'ana chigwa cha Shire. Ndi dzenje lozunguliridwa ndi mitengo, lotchedwa la Chingwe. Anthu a m'derali amasimba kuti kalekale mafumu ankaponyamo adani awo, komanso anthu odwala khate ndi odwala misala. Ena amafika ponena kuti dzenjeli lilibe polekezera. Gwirani ana dzanja pamenepa, chifukwa m'mphepete mwake mumaterera.

Mukaima pamenepo dzifunseni ngati lero tasiyana nawo kwambiri anthu akalewo. Sitiponya munthu m'dzenje, koma m'midzi ina wodwala matenda a ubongo amamangidwa ndi unyolo kuseri kwa nyumba, ndipo mwana wa khunyu amaletsedwa kupita kusukulu. Ife azamba timakumananso ndi amayi amene amasokonekera mutu patangopita masiku ochepa atabereka. Sagona, amalankhula zosamveka, ena amakana mwana wawo. Achibale amathamangira kunena kuti walodzedwa, pamene ndi matenda odziwika ndipo amachizika mayiyo akafika msanga kuchipatala. M'munsi mwa phiri lomweli muli chipatala cha boma cha matenda a ubongo, ndipo Mpingo wathu, kudzera mwa abale a St John of God, umathandiza odwala otere ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

Mlambe wa akhate ku Liwonde

Kuchokera ku Zomba, msewu umatsetsereka kudzera ku Domasi ndi Machinga mpaka pa mlatho wa Liwonde, pamene zitseko za Kamuzu Barrage zimawongolera madzi a Shire. Pafupi pomwepo pali nkhalango yotetezedwa ya Liwonde, imene bungwe la African Parks lakhala likuyendetsa mogwirizana ndi boma kuyambira 2015. Amalawi amalipira ndalama yolowera yocheperapo kusiyana ndi alendo akunja, choncho nyamulani chiphaso chanu cha unzika. Muli njovu, mvuu ndi ng'ona, ndiye simungayendemo mwachisawawa. Pitani ndi galimoto ndipo tsatirani malangizo a okutsogolerani.

M'nkhalangomo muli mlambe wa mphako umene umadziwika kuti mtengo wa akhate. Mbiri yake imati anthu omwalira ndi khate sankaikidwa m'manda pamodzi ndi anzawo, poopa kuti aipitsa nthaka, ndiye mitembo yawo ankaiika m'mphako ya mtengowu. Awa anali makolo a anthu, ana a anthu, koma anasalidwa ali moyo ndiponso atamwalira.

Khate si temberero, si ufiti, ndipo si matenda akumtundu. Limayamba ndi kachilombo ka bakiteriya kamene dokotala wa ku Norway, Gerhard Hansen, anakatulukira mu 1873. Limafala kudzera m'timadontho ta m'mphuno ndi m'kamwa pamene munthu wakhala nthawi yaitali pafupi ndi wodwala amene sanayambe mankhwala, ndipo anthu ochuluka kwambiri matupi awo amadziteteza okha. Mankhwala ake ndi aulere, amamwedwa miyezi 6 kapena 12 malinga ndi mtundu wa khatelo, ndipo wodwala akangowayamba amasiya kupatsira ena. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa akhoza kuwamwa.

Musaganize kuti khate linatha. Likupezekabe m'maboma angapo a dziko lino, ndipo ambiri amabwera kuchipatala mochedwa, zala zitapindika kale. Mukaona banga lotuwa kapena lofiirira pakhungu, losayabwa, limene simukumva kanthu mukalikhudza ndi thonje, kapena dzanzi losatha m'manja ndi m'mapazi, pitani mukapimidwe. Kulumala kumabwera chifukwa chochedwa.

Mpingo wa Katolika uli ndi mbiri yabwino pa nkhaniyi. Ku Utale m'boma la Balaka ndi ku Mua m'boma la Dedza, ansembe ndi asisiteri anatsegula malo osamalira akhate pa nthawi imene mankhwala amphamvu kunalibe. Anatsata Ambuye Yesu amene, monga tiwerenga pa Marko 1:40-45, anatambasula dzanja n'kukhudza wakhate, komanso Damiano Woyera amene anatumikira akhate pa chilumba cha Molokai mpaka iye mwini anafa ndi nthendayi mu 1889. Lamulungu lomaliza la mwezi wa January ndi tsiku lokumbukira matenda a khate pa dziko lonse. Mphakati wanu ukhoza kukonza ulendo wa ku Liwonde pafupi ndi tsikulo.

Nsanja, mfuti ndi sitima yomira

Tauni ya Mangochi poyamba inkatchedwa Fort Johnston. Atsamunda anaikhazikitsa m'zaka za m'ma 1890 pofuna kutseka njira ya malonda a akapolo. Pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi pali nsanja ya wotchi yomangidwa pokumbukira Mfumukazi Victoria. Pambali pake pali mfuti yaikulu ya sitima yotchedwa Guendolen. Mu August 1914 sitima imeneyi inawombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, imene inali kukonzedwa pa doko la tsidya lija la nyanja, dera limene lero lili ku Tanzania. Nkhani yake imaseketsa: woyendetsa sitima ya Ajeremaniyo anali bwenzi la mnzake wa Guendolen, ndipo amati sankadziwa n'komwe kuti nkhondo yayamba.

Pamalo pomwepo pali chikwangwani chokumbukira anthu 145 amene anamira mu July 1946 pamene sitima ya Vipya inagubuduzika ndi namondwe kumpoto kwa nyanja. Werengani chikwangwanicho musanakakwere bwato. Ngati mwini bwato alibe majekete oyandamitsa, kapena wadzaza anthu ndi matumba mopitirira muyeso, kapena mwera wayamba kuwomba, tsalani pamtunda. Ndalama ya ulendo ikhoza kubwerera, moyo ayi.

Kwa ife Akatolika, dera lino lili ndi mbiri inanso. Ndi kwa Mponda, pafupi ndi tauniyi, kumene ansembe a White Fathers anafikira mu 1889 kudzayamba mishoni yoyamba ya Katolika m'dziko muno. Anachokako mu 1891 zinthu zitavuta, koma mbewu inali itagwa kale m'nthaka.

Mwala wa Mphini

Mukatsala pang'ono kufika ku Monkey Bay, khoterani kumanzere mu msewu wopita ku Chembe, kumene alendo amati Cape Maclear. M'mbali mwa msewu umenewu muli chimwala chachikulu chokhala ndi mizere yozama ngati kuti wina anachitema ndi lumo. Ndiwo Mwala wa Mphini. Akatswiri a miyala amati mizereyo inapangika yokha chifukwa cha dzuwa, mvula ndi mphepo pa zaka zambirimbiri. Ena amakhulupirira kuti mwalawu uli ndi mphamvu, ndipo asing'anga ena amapalako tizidutswa tosakaniza ndi mankhwala awo. Mwalawu ndi wotetezedwa ndi boma, choncho jambulani chithunzi koma musaswepo kanthu kapena kulembapo dzina lanu.

Agogo athu aakazi ankatema mphini kumaso ndi pathupi pofuna kukongola, ndipo zinkasonyezanso mtundu wa munthu. Mphini zokongoletsazo zinatha, koma zotemera mankhwala zikanalipo. Kuchipatala timalandira ana a malungo kapena chibayo ali ndi mabala pachifuwa ndi pamimba, atataya masiku awiri kapena atatu kunyumba. Lumo limodzi likatema anthu angapo likhoza kufalitsa HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B, ndipo phulusa kapena dothi lopakidwa pabala likhoza kulowetsa kafumbata. Mwana amene watentha thupi, akupuma mothamanga kapena wakomoka akufunika chipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzi mayi woyembekezera amene watupa nkhope ndi manja kapena mutu ukumupweteka kwambiri: ameneyo akufunika kuyezedwa kuthamanga kwa magazi msanga, mphini sizingamuthandize.

Manda a amishoni ndi madzi okopa

Msewu umathera ku Chembe, m'dera la Lake Malawi National Park, malo amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984 chifukwa cha nsomba zake za mbuna za mitundumitundu. Pano ndi pamene amishoni a ku Scotland, kuphatikizapo Dr Robert Laws, anayambitsa mishoni ya Livingstonia mu 1875. Manda a ena mwa iwo alipo mpaka lero m'tsinde mwa phiri. Malungo anawatha, mpaka mu 1881 anasamukira ku Bandawe. Nthawi imeneyo sankadziwa kuti wofalitsa malungo ndi udzudzu. Inu mukudziwa, ndiye mukagona kunyanja nyamulani neti yanu.

Madzi a pano ndi oyera mokopa, koma m'madera ena muli nkhono zimene zimasunga tizilombo ta likodzo. Tizilomboti timalowa pakhungu munthu akamasamba, kuchapa kapena kusambira. Chizindikiro chodziwika ndi magazi mu mkodzo, koma kwa amayi likodzo limathanso kugwira njira yoberekera n'kuyambitsa kuwawa m'chinena, kutaya magazi pang'onopang'ono, ngakhale kuvutika kutenga pathupi. Kawirikawiri amayi otere amaganiziridwa kuti ali ndi matenda opatsirana pogonana, ndipo mabanja amasokonekera popanda chifukwa. Ngati mwasambira m'nyanja, dzafotokozereni achipatala pakapita miyezi iwiri kapena itatu, kapena msanga mukaona zachilendo. Mankhwala ake, praziquantel, amapezeka m'zipatala zathu.

Pokonzekera ulendo

Simukuyenera kuona zonsezi tsiku limodzi. Sankhani malo amodzi kapena awiri amene ali pafupi ndi kwanu. Mukasonkherana monga mphakati, kwaya, bungwe la amayi kapena la achinyamata, mtengo wa galimoto umapepuka. Nyamukani m'mamawa dzuwa lisanakwere, mutenge madzi akumwa okwanira, chipewa ndi nsapato zosaterera. Amene mumamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, kaya a shuga, a kuthamanga kwa magazi kapena ma ARV, musawasiye kunyumba, ndipo odwala shuga asunge kachakudya m'thumba. Mayi amene ali pafupi kuchira asapite kutali ndi chipatala. Ku Zomba kumazizira ngakhale kumunsi kukutentha, ndiye ana muwatengere majuzi.

Safunsa anadya phula. Lembani wokutsogolerani wa m'dera lomwelo, mumulipire moyenera, ndipo funsani akuluakulu a pamalopo zimene akudziwa. Ndalama imene mwasiya kwa mnyamata wotsogolera kapena kwa mayi wogulitsa zitumbuwa ndiyo imachititsa anthu kuona phindu losamala mtengo, mwala ndi nkhalango. Mapulasitiki anu mubwerere nawo. Papa Francisco, m'kalata yake ya Laudato Si' ya 2015, anatikumbutsa za udindo wathu wosamala chilengedwe, ndipo mukaona mmene mitengo yathera m'mbali zina za phiri la Zomba mumvetsa chifukwa chake.

Pobwerera, afunseni ana zimene aona ndi zimene zawakhudza. Kenaka ganizirani za m'mudzi mwanu kapena mu mphakati wanu: ndani amene anasiya kubwera ku Misa chifukwa cha khungu lake, khunyu lake kapena matenda a ubongo? Mukamuyendere sabata yomweyo, ndipo ngati sanapiteko kuchipatala, mumuperekeze.