Muyeso wa nkhonya ndi ana a ku Kauma

Aliyense amene adayendako m'tinjira ta ku Kauma chakumadzulo, pamene ana asukulu aweruka ndipo amayi ayamba kukoleza mbaula, adawaonapo anyamata atandanda pa benchi kunja kwa kanyumba kometera tsitsi, mafoni ali chopingasa m'manja, mitu itawerama. Ndipo akadakhala woleza mtima n'kuima pang'ono, akadazindikira kuti phokoso lenileni silibuka nkhondo ili mkati ayi, koma ikatha, pamene foni iyala mndandanda wa mayina ndi manambala, wakuti wapha angati, wakuti wavulaza adani mochuluka bwanji. "Aise, taona damage yako," amatero wina, "iwe umangotha bandulo basi." Mnzakeyo sachedwa kuyankha kuti netiweki inamugwira.

Ambiri a iwo amasewera Free Fire, imene kampani ya Garena idatulutsa mu 2017, kapena PUBG Mobile ya mu 2018, popeza ndiwo masewera amene foni ya munthu wamba ikhoza kusenza. Komatu mlandu umene akuzengawo ndi wakale, ndipo bwalo lake lalikulu lili kutsidya kwa nyanja, m'masewera a pa kompyuta momwe anthu zikwizikwi amakhalira pamodzi m'dziko lopeka, aliyense atavala umunthu wa msilikali, wa mfiti kapena wa wansembe. Mu World of Warcraft, imene kampani ya Blizzard idatulutsa mu 2004, anthu asanu akalowa m'phanga kukalimbana ndi chilombo amagawana ntchito motere: mmodzi, amene amamutcha tank, amaputa chilombocho dala kuti ukali wake wonse ugwere pa iye, wina ndi sing'anga wa gulu, wopoza mabala, atatu otsalawo ndiwo omenya. Ndipo popeza zilombo zina zili ndi nthawi yoikika, imene ikakwana zisanafe zimalusa n'kupulula gulu lonse, osewera adapanga okha timapulogalamu monga Recount, Skada ndi Details, towerengera nkhonya za munthu aliyense pa sekondi iliyonse, n'kumundandalika pamaso pa anzake kuyambira ngwazi mpaka wotsiriza.

Eni masewera sadagwirizane chimodzi pa nkhaniyi. A Naoki Yoshida, amene amatsogolera Final Fantasy XIV ku kampani ya Square Enix ku Japan, akhala akukana kwa zaka zambiri kuika muyeso wotere, poopa kuti udzasanduka chikoti chokwapulira ofooka. Malamulo awo amaletsa timapulogalamu ta kunja, ndipo ngakhale n'zodziwika kuti ambiri amayeza mwakachetechete ndi kapulogalamu kotchedwa ACT, munthu wonyoza mnzake ndi manambala akhoza kulangidwa. A ArenaNet, eni Guild Wars 2, adaloleza muyeso mu 2017. A Blizzard, atalekerera osewera kwa zaka zoposa 20, adalengeza mu 2025 kuti aika muyeso wawowawo m'gawo latsopano lotchedwa Midnight. Pakati pa mbali ziwirizi padatuluka maganizo achitatu, akuti muyeso ukhalepo koma ukhale wa mwini yekha, munthu aziona nambala yake, ya mnzake asaione.

Ofuna muyeso ali ndi mfundo imene sitingaikankhire kumbali, yakuti munthu amene sadziwa kuti akulephera sangadzikonze, ndi kuti m'gulu la anthu asanu ndi atatu sichilungamo asanu ndi awiri kuchezera usiku wonse akugwa pa chilombo chimodzi chifukwa cha wachisanu ndi chitatu amene akudya thukuta la anzake. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma adzatsekula bwanji ngati ululu saumva? Ine ndiwavomereza mpaka pamenepo. Pamene ndisiyana nawo ndi apa, kuti muyeso umawerenga chimene n'chapafupi kuwerenga, osati chimene chapulumutsa gulu. Waganyu amalipidwa powerenga mizere ya ndime yake, ndipo n'zoyenera, pakuti ali yekha. Koma pa dima, pamene mudzi wasonkhana kulimira mnzawo, ukayamba kuwerengera aliyense mizere, sipadzapezekanso wopita kumadzi kapena wokhomera khasu la mnzake laguluka, ndipo munda udzalimidwa mopalasa. Chomwecho m'masewera: woyang'anitsitsa nambala yake amaima dala pamoto kuti asataye nkhonya imodzi, podziwa kuti sing'anga amupoza, amamenya tizilombo topanda ntchito kuti dzina lake likwere, pamene mnzake amene adaleka kumenya kuti adzutse wakugwa, kapena kuti adule matsenga a mdani, amapezeka pansi pa mndandanda, nathamangitsidwa m'gulu. Mfumu Davide, pobwera kothamangitsa Aamaleki, adagamula kuti amuna 200 otsala ndi akatundu pa mtsinje wa Besori alandire gawo lofanana ndi la 400 amene adapita kunkhondo, ngakhale ena adang'ung'udza.

Kwa mwana wa ku Kauma wofuna kulowa m'masewera amenewa pali chinanso chimene akuluakulu okangana kutsidya kwa nyanja saganizira. World of Warcraft ilibe maseva mu Africa. Maseva a Final Fantasy XIV ali ku Japan, ku North America, ku Europe ndi ku Oceania. Pamene mwanayo adina batani, uthengawo umayenera kutuluka m'dziko lopanda gombeli kudzera ku Tanzania kapena ku Mozambique, kulowa m'zingwe za pansi pa nyanja, kukafika ku Europe ndi kubwereranso, mnzake wa ku Frankfurt atamenya kale kawiri. Onjezanipo bandulo ya Airtel kapena ya TNM yothera pakati pa nkhondo, ndi madola pafupifupi 15 a pa mwezi amene World of Warcraft imafuna, ndi magetsi amene adakhala akuthimathima kwa miyezi yochuluka namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire mu January 2022, ndipo mudzaona kuti nambala yake ikuyeza mtunda, thumba ndi mtsinje wa Shire, luso lake n'kukhala kachigawo chabe. Mlendo amene akuiwerenga kutaliko sadziwa zonsezi, amangoona waulesi.

N'chifukwa chake ndiima ndi muyeso wa mwini yekha, pakuti mwini ndiye adziwa kuti dzulo netiweki inali bwanji, ndipo akhoza kuyerekeza lero ndi dzulo mwachilungamo. A Yoshida ndi anzawo adapeza njira yofananako mu 2016, pokhazikitsa malo otchedwa Stone, Sky, Sea, kumene munthu amapita yekha kukamenya chidole chopatsidwa mphamvu molingana ndi chilombo chimene akufuna kukakumana nacho. Akachigwetsa nthawi isanathe ndiye kuti wakwana kulowa m'gulu, akalephera amabwerera kukaphunzira popanda womuseka. Chidolecho sichiyenda ndiponso sichibwezera, kotero sichingamuuze ngati adzadziwa kuthawa moto kapena kudzutsa mnzake. Zimenezo amakaziphunzira m'phanga momwemo, pamodzi ndi asanu ndi awiri aja.